Diso limodzi la Peugeot ya malume

Lachiwiri. Kwacha ndi mphepo ya fumbi moti phiri la Kasungu likungooneka mbuu. Malume atulukira 7 koloko isanakwane, ali pa kabaza, atavala jekete la ku tchalitchi dzuwa lonseli. Ati akufuna akaone okha zomwe tikuichita galimoto yawo.

Galimotoyo ndi pikapu ya Peugeot 404 yomwe anagula ndi ndalama za fodya ine ndisanayambe sukulu. Yasenza mabelo, yasenza akwati, yasenza maliro, kenaka inakhala zaka 6 pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando. Chaka chatha anandipatsa ine monga mphwawo. Koma kupatsa kwa malume mukudziwa: makiyi ndi anga, mawu omaliza ndi awo.

Ku galaja tapeza bodi yonse yawongoledwa, pulayima (penti yoyamba ya pansi) apopera kale. Chatiimitsa ndi kanthu kakang'ono, mikombero iwiri yozungulira malaiti. Wakumanja, amakaniko aupukuta ndi foyilo yonyowetsa m'madzi, ndipo wawala mpaka ndadziona nkhope, mphuno itakula ngati mbatata. Wakumanzere ndiye watha. Uli ndi timabowo ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba, ndipo pansi pake, pomwe madzi a mvula ankadikha, chrome yasendeka ngati khungwa. Ulinso ndi zikanda, zomwe ndi ntchito ya mlamu wanga, yemwe mwezi watha anaukwecha ndi sitiliwulo ya mapoto pofuna kundithandiza. Sindinamuulule kwa malume.

Amakaniko ati chrome si chitsulo chonse, ndi kachikopa chabe. Amayamba aviika chitsulo mu kopa, kenaka nikelo, ndipo chrome imabwera pamwamba penipeni, yopyapyala kuposa tsitsi, zonsezo akumatitsa ndi magetsi m'matanki a mankhwala. Kabowo kakangoboola, dzimbiri limadyera pansi. "Matanki amenewo kuno kulibe, bwana. Tiipale yonse iwiri, tiipake penti yofanana ndi bodi, nkhani ithe."

Malume angoti kukamwa yasa. "Mphwanga, wamva? Akufuna aitseke maso! Galimoto iyi ikamatsika pa Chinkhoma dzuwa likulowa, anthu ankaidziwa ndi kung'anima kwake isanafike n'komwe."

Ine ndinali kumbali ya amakaniko, ndivomere. Ndayesa kuwauza kuti penti si umphawi ayi, ngakhale azungu eni ake ankapaka. Kumayambiriro kwa 1942 ku America, zitsulo zitapita ku nkhondo, magalimoto atsopano ankatuluka ndi zokongoletsa zopaka penti m'malo mwa chrome, ndipo lero osunga magalimoto akale amawasakasaka chifukwa anapangidwa ochepa. Volkswagen ija ya msana wa fulu nayonso, yotsika mtengo inkabwera ndi mabampa apenti, zonyezimira zambiri zinali za mtundu wa Export umene unayamba mu 1949. Malume andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ija ndi ya ku Germany. Iyi ndi ya ku France." Mlandu watha pomwepo.

Kenaka kamnyamata kophunzira ntchito kabwera ndi nzeru zake, katanyamula kachitini ka penti ya siliva yopopera. Kapopera pa chidutswa cha bampa yakale kuti tione. Itangopopedwa imakopa ndithu, koma itauma yangoti mbee ngati poto watsopano wa aluminiyamu. Apa pokha ine ndi malume tagwirizana. Penti ikhale penti, chrome ikhale chrome, koma iyi yonamizira ndi imene imachititsa galimoto yakale kuoneka ngati gogo wodzola zoyeretsa khungu.

Masana tadya chipisi cha pachiwaya pafupi ndi depoti, malume akudandaula mtengo wa nyama. Magetsi anathimanso cha m'ma 2 koloko, ndiye kompuresa inangokhala chete, kupenta kwalephereka.

Pobwerera ku galaja amakaniko anena mawu amene asintha zinthu. Ma 404 anayamba kupangidwa mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuwalumikiza mpaka 1991, choncho mafupa ake akadalipo ambiri kuseri kwa nyumba za anthu. Iwo ati anaonapo ina yogonera m'udzu cha ku Santhe, mbuzi zikubisalamo mvula. Malume adzuka pa tayala lomwe anakhalapo ngati mnyamata. Ati Loweruka tilawirire, ndipo mafuta ndigule ine.

Pochoka ndawaona akukulunga mkombero wabwino uja m'kansalu kawo ka m'thumba n'kuulowetsa mkati mwa jekete. Ati ku galaja zinthu zimamera miyendo. Wadzimbiri uja ausiya pa boneti, ndipo andilamula kuti wina asaukhudze ndi sandipepa mpaka titabwerako ku Santhe.