Loweruka: gumbagumba yatsika pabalaza

Lero ndadzuka 6 koloko ngakhale kuti sindinali wa ku ntchito. Alamu anga anandiuza dzulo kuti tikumane ku Bree, pokwerera mathekisi, nthawi isanakwane 9 kuti tikagule masipika, ndipo iwowa ukachedwa sadikira. Ndisanatuluke ndinaima kaye pabalaza n'kuyang'ana gumbagumba yathu: masipika awiri otalika kufika m'chiuno mwanga, sabuwufa (sipika ya mabesi) pakona, ndi chipepala chomata chija cholembedwa kuti 2000W PMPO, chomwe sindinachimatulepo chigulireni.

Ndinaigula chaka chomwe ndinayamba kulandira malipiro okhazikika kuno ku Joni. Agogo anga aamuna atabwerako ku Wenela anafika pamudzi ndi wailesi, ndipo mpaka lero achikulire akwathu amaikumbukirabe wailesi imeneyo kuposa masuti omwe anabwera nawo. Inenso ndinkafuna chinthu chooneka ndi maso, choti mlendo akalowa adziwe kuti munthuyu sanabwere kudzasewera. Sindikudandaula kuti ndinaigula. Kungoti nyumba yomwe tikuchita lendi kuno ku Rosettenville ili ndi balaza la mamita 4 m'litali ndi 3 ndi theka m'lifupi, pansi pali matailosi, ndipo khoma limodzi tikugawana ndi anthu ena. Tikaika nyimbo za kwaya, mawindo amanjenjemera, mabesi amangoti guu guu, koma mawu a oimbawo osamveka. Ukakweza kuti umve mawu, mabesi ndiye amawirikiza. Kawiri konse anansi athu agogodapo khoma, ndipo sanalakwe.

Amene anandikhudza mtima ndi akazi anga. Tsiku lina madzulo anangozimitsa n'kunena kuti, "Abambo, bola ndizimvera pafoni, chifukwa apa ndikungomva kugunda basi." Munthu amene anaimba kwaya zaka zambiri kwathu, n'kumamvera nyimbo zake pakasipika ka foni, makina aakulu ali pompo. Zinandiwawa.

Alamu amakonza ma TV ndi maampu, makina okuza mawu opita ku masipika, ku Mayfair. Mwezi watha anandisungira ampu yakale ya NAD 3020 yomwe mwini wake anaigulitsa itafa mbali imodzi. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1978 ndipo mphamvu yake ndi mawati 20 okha mbali iliyonse. Anaisintha makapasita okalamba, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwake, n'kutsuka mabatani omwe ankakhekhereza. Atanditchulira 20 ija ndinawafunsa kawiri ngati sakundinamiza, poti yanga yalembedwa 2000. Anandiyankha kuti PMPO ndi nambala yokopera ogula, yoti ndiziyang'ana ndi RMS, mphamvu yomwe makina angatulutse mosalekeza osawononga mawu. Anawonjeza kuti ngakhale mawati uwachulukitse kawiri, mawu amangokwera ndi madesibelo 3 pa muyeso wa kukwera kwa mawu, pang'ono chabe m'khutu, ndipo munthu wokhala mamita awiri kuchokera pa sipika nthawi zambiri amagwiritsa ntchito wati imodzi kapena awiri.

Choncho ulendo wa lero unali wa masipika. Tinawapeza pa Facebook Marketplace, ma Wharfedale Diamond ang'onoang'ono oika pashelefu, kwa bambo wina wachikulire wa ku Randburg. Thekisi inachedwa kudzaza, tinafika cha m'ma 10 koloko. Ine ndikanangopereka ndalama n'kunyamula, koma alamu ayi. Anachotsa zophimba kutsogolo, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa sipika yaikulu kuona ngati labala wake sanang'ambike. Kenako anakankha pakati mofatsa kumvetsera ngati sikukhula mkati, anaika khutu pa kasipika kakang'ono ka pamwamba kuti atsimikize kuti kakulira, n'kutembenuza kumbuyo kuwerenga maomu, nambala yoonetsa ngati sipika ingagwirizane ndi ampu. Bamboyo anangotiyang'ana akumwetulira, natipatsa tiyi. Anatichotserako R200 osawapempha, n'kutiwonjezera waya wautali ndithu. Pobwerera aliyense anafukata bokosi lake pamiyendo.

Tinafika kunyumba 1 koloko itadutsa. Nsima inali itapsa, ya ndiwo za usipa womwe unabwera pa basi sabata yatha, ndiye tinayamba tadya.

Ntchito yeniyeni inayamba titasamba m'manja. Ine ndinathamangira kuika masipika m'makona momwe munali akale aja, kuti asatchinge njira. Alamu anandiletsa. "Alamu, m'konamo ndi momwe mukuchokera vuto lanu lonse." Anatenga chikuto cha kope la mwana n'kulembapo: mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye ukagawa ndi 8, komwe ndi kutalika kwa chipinda kuchulukitsa kawiri, umapeza pafupifupi 43. Anati pa mahezi 43 amenewo, kutanthauza mawu onjenjemera ka 43 pa sekondi, chipinda chathu chimalira chokha ngati ng'oma, ndipo sabuwufa yokhala pakona imachitokosa kwambiri chifukwa makoma awiri ndi pansi zonse zimabweza mabesi pamalo amodzi. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti kugunda kuja ndi mphamvu ya makina, chonsecho chinali chipinda.

Tinasuntha kabati ya TV, sipika ina uku ina uku, pakati pawo pafupifupi mamita awiri, ndipo kuchokera pa sipika iliyonse kufika pomwe pamakhala mutu wa munthu pasofa mtunda womwewonso. Tinawasendeza kuchoka kukhoma ngati dzanja limodzi ndi theka, n'kuwapendeketsa pang'ono kuti ayang'ane pasofa. Sofayo nayo tinaikoka pang'ono kuti isagunde khoma lakumbuyo. Tisipika tating'ono ta pamwamba tija timafunika tikhale molingana ndi makutu a munthu atakhala pansi, koma kabati yathu ndi yaifupi, ndiye pakadali pano takhazika pa njerwa zokutidwa ndi chitenje. Kapeti yomwe inali kuchipinda yabwera pabalaza kuti matailosi asamabweze mawu.

Mawaya ndinalumikiza ndine. Titayatsa, mtima wanga unagwa. Mawu anali opyapyala, mabesi kulibe, ndipo woimba sankadziwika kuti ali pati, ngati akuchokera m'mbali mwa mutu. Ndinayamba kuwerengera ndalama zomwe zapita. Alamu anamvetsera kwa kanthawi kochepa, n'kugwada kuseri kwa sipika ya kumanzere. Ndinali nditasemphanitsa, wofiira pakuda, wakuda pofiira. Zikatero sipika ina ikamakankha mpweya inzake imakhala ikukoka, ndiye mabesi amafafanizana. Anabweza mawayawo, n'kuyambitsanso nyimbo yomweyo.

Sindidziwa kuti ndilembe bwanji. Wotsogolera nyimbo anaima pakati penipeni, pamwamba pa TV, pomwe palibe sipika iliyonse. Amayi a soprano anali mbali iyi, abambo a besi mbali iyo, ndipo ndinamva ngakhale pomwe amapuma mpweya asanayambe ndime yachiwiri. Batani lokwezera linali lisanafike n'komwe pa kota. Akazi anga anatuluka kukhitchini manja ali onyowa, anakhala pakati pasofa osalankhula, kenako anayamba kuimba alto yawo motsitsa. Nyimbo itatha anati, "Achimwene, ibwezeni." Alamu anaibweza katatu.

Zotsalazo zinali zazing'ono. Ampu ya zaka zimenezo ilibe Bluetooth, ndiye talumikiza kabokosi kolandira nyimbo za pafoni kumabowo a AUX. Tayesanso Zodiak ya pa intaneti, nkhani za madzulo zamveka bwino kwambiri, ngati wowerengayo ali m'nyumba momwemo. Alamu anaumirira kuti ndigule pulagi yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa makina ambiri omwe amafika pa benchi yawo amapsa nthawi yomwe magetsi akuyaka atazima. Ndinatsika kukagula pompano asananyamuke. Anandichenjezanso kuti ndisamaike nsalu kapena dekoda pamwamba pa ampu, mabowo akewo ndi otulutsira kutentha.

Mabesi ogwedeza chifuwa aja palibenso, ndipo mwana wathu wanena kale kuti amapiano sakumveka ngati kale. Ndi zoona, masipika ang'onoang'ono satsika kwambiri. Koma gitala ya besi ndikuimva chingwe ndi chingwe, zomwe kale sizinkatheka, ndipo ine ndasankha zimenezo.

Gumbagumba taimanga m'makatoni, ili pakhonde lamkati. Ipita kwathu kumapeto kwa mwezi ndi anyamata onyamula katundu. Mng'ono wanga amaimbitsa pa zinkhoswe ndi maukwati, pabwalo pomwe palibe khoma loti libweze mawu, ndipo ndamuimbira kale foni kuti akailandire. Panopa ndi 10 koloko usiku, ana agona, akazi anga akadali pasofa ndi nyimbo zawo motsitsa, ndipo khoma silinagogodedwe. Lolemba ndikafunsa kalipentala wa kuseri kwathu mtengo wa timatebulo tiwiri totalika masentimita 60, kuti njerwa zija zibwerere panja.