Mpata wa pansi pa 0

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya gain, muyezo umene timakwezera mawu a maiki polowa tikamajambula nyimbo. Kwa amene anayamba kalekale kujambula nyimbo kunyumba izi n'zachibwana, koma ine zandizunguza mutu nthawi yaitali, ndiye poti zangolowa kumene ndati ndizilembe zisanazizire. Za kulumikiza interface (kabokosi kolowetsa mawu a maiki) ku kompyuta, kuika driver ya ASIO, kapena zoti maiki ya condenser siyankhula popanda 48V, sindizikhudza. Inu amene mukuwerenga munadutsa kale pamenepo.

Lamulo lenilenilo ndinkalidziwa. Pojambula mawu azisewera cha m'ma -18 dB pa mita ya mawu imene denga lake ndi 0, nsonga zake zisapitirire -10 kapena -6. Aliyense amatero. Chimene sichinkandilowa n'chakuti munthu angasiyirenji mpata wonsewo uli chabe. Mita ili ndi malo mpaka pa 0, mawu ali pansi apo, waveform yake yowonda yomvetsa chisoni, ndiye mtima umangoti kweza iwe, ukutaya kukoma kwa mawu. Lamulo limene sukudziwa chifukwa chake umalisunga masana, koma usiku woimba akangoti sakudzimva umaliphwanya osaganiza kawiri.

Chinanditsegula mutu ndi masamu ochepa zedi. Kompyuta imasunga mawu m'manambala a ma bit, ndipo bit imodzi ndi 6 dB, pafupifupi. Basi. 16-bit, imene CD yakhala nayo chiyambire mu 1982, imapereka 96 dB kuchokera padenga kutsika mpaka pamene phokoso la manambala limayambira. 24-bit imapereka 144 dB papepala. Ma converter enieni, amene amasandutsa mawu kukhala manambala, safikako, ambiri amathera cha m'ma 110 mpaka 120, komabe ndi mtunda wautali. Tsono werengani nokha. Mukajambula pa 24-bit nsonga zili pa -12, mwasiya ma bit awiri okha. Atsala 22. CD, ndi nyimbo zonse zimene tinkazimvera pa CD n'kumati izi ndiye zoyera, ili ndi 16. Ndinawerenga mobwereza poganiza kuti pali pamene ndalumpha, koma ayi. Mawu aja ndinkawaona ngati ofooka ali ndi ma bit ochuluka kuposa chimbale chomalizidwa chogulitsidwa.

Ma bit awiri. Mantha onse aja anali a ma bit awiri.

Ndipo phokoso limene limaononga zojambula za kunyumba silichokera pansi pa manambala n'komwe. Limachokera ku fani ya laputopu, ku firiji ya chipinda china, ku galimoto yodutsa panja, ku makoma amene akubweza mawu. Zonsezi zili pamwamba kwambiri kuposa phokoso la converter. Mukapotoza gain, woimba amakwera, fani nayo imakwera muyezo womwewo, ndiye simunapindule kanthu. Chimene chimasintha kusiyana kwa woimba ndi fani ndi kumusendeza woimbayo pafupi ndi maiki, kapena kuchotsa laputopu pamene ili. Gain siisankha mawu oti ikweze.

Pamwamba pake nkhani ndi ina. Kupitirira 0 dBFS, denga la mita lija, kulibe nambala ina yoti converter ilembe. Magetsi ochokera ku preamp, chokuza mawu a maiki, akapyola pamenepo, iyo imangolemba nambala yake yaikulu ija mobwerezabwereza mpaka atatsikanso, ndiye nsonga ya funde imadulidwa n'kukhala yafulati, ndipo khutu limamva mawu ong'ambika. Alipo ma plugin, timapulogalamu tosinthira mawu, amene amayesa kukonza, koma amangoyerekeza gawo lodulidwalo, lenilenilo linapita. Ndowa yodzadza mpaka m'milomo siikometsa madzi, imangowataya ukapunthwa, ndipo woimba amapunthwa ndithu: pa vesi amayimba modekha, kolasi ikafika mtima wakwera, mawu akwera 10 dB osakuchenjezani. Mpata uja ndi wa nthawi imeneyoyo.

Nanga chilakolako chofika pa 0 chinachokera kuti? Apa ndi pamene ndinaseka ndekha, chifukwa ma 0 alipo awiri. Pa makina akale panali mita ya VU, ya singano ija, imene Bell Labs, CBS ndi NBC anagwirizana kupanga cha m'ma 1939. Pa zida za m'studio 0 VU imaimira +4 dBu, ndipo zidazo zimatha kunyamula 20 dB ina pamwamba pake zisanayambe kung'amba mawu. Choncho 0 ya VU inali malo ogwirirapo ntchito, denga linali kutali, losaoneka pamita. Komanso tepi inali ndi phokoso lake la sssss, ndiye kukweza mawu pojambula kunali nzeru, ndipo tepi ukaipanikiza imayamba kufinya mawu pang'onopang'ono, mwina mokoma. Mita ya mu DAW, pulogalamu yojambulira nyimbo pa kompyuta, inatenga nambala yomweyo n'kuiika padenga penipeni. Munthu wophunzira amangoona 0 apa, 0 apo, n'kuganiza kuti n'chinthu chimodzi. Ndiye -18 ija si nambala yamatsenga ayi, ndi 0 yakale ija yavala malaya ena. Bungwe la EBU ku Ulaya linaika muyezo wake pa -18 dBFS, la SMPTE ku America pa -20, ndipo ma plugin ambiri otsanzira ma compressor (zida zofinya mawu) ndi ma tepi akale amapangidwa kuti azilandira mawu cha pamenepo. Mukawapatsa mawu a pa -3 amakhala ngati mwawapanikiza kale musanakhudze batani lililonse.

Kufiira nakonso kulipo kuwiri, ndipo ichi chinandisokoneza kuposa china chilichonse. Mkati mwa DAW, kaya ndi Reaper, Cubase kapena FL Studio, masamu amachitika pa 32-bit float kapena 64, manambala okhala ndi mpata waukulu pamwamba pa 0, ndipo kumeneko track ikhoza kupyola 0, mita n'kufiira, mawu osang'ambika ngakhale pang'ono. Mukatsitsa master, pamene ma track onse amakumana, zonse zimabwerera bwinobwino. Ndiye umaona wina akunena kuti kufiira kulibe vuto, wina akuti kufiira ndi imfa, ndipo onse akunena zoona, koma aliyense akunena khomo lake. Kufiira kwa pa interface, kumene kumayaka pa batani la gain, n'kwa mawu polowa, asanasanduke manambala, ndipo fader ya mu DAW, yokwezera ndi kutsitsira mawu a track, siingakuchiritse chifukwa imabwera pambuyo. Kuitsitsa kumangokupatsani mawu ong'ambika omveka motsika. Kufiira kwa mkati kumapweteka pokhapokha potuluka, mawu akamapita ku masipika kapena mukamatulutsa fayilo ya 16 kapena 24-bit. Makomo oopsa ndi awiriwo, polowa ndi potuluka. Pakati m'pamtendere.

Tsopano njira yanga, ndipo ndikuuzirenitu kuti ndaikonda mwina mopyola. Ndisanakhudze EQ, compressor kapena reverb, ma fader onse amakhala pa 0 yawo, ndipo track iliyonse ndimaiyang'ana pa plugin ya VU imene ndaiika kuti 0 yake ikhale -18. Ndimakweza kapena kutsitsa clip gain, muyezo wa mawu ojambulidwawo, mpaka singano izivina cha pamenepo. Mawu a woimba, bass, gitala, kiyibodi, zonse. Ndikamaliza ndisanachite china chilichonse nyimbo imakhala itayamba kale kumveka ngati nyimbo, master ili ndi mpata, ma fader ali pamalo pamene kuwasuntha pang'ono kumasintha pang'ono, osati pansi paja pamene kungokhudza mawu asowa. Ine ndimakhulupirira kuti theka la ma mix oipa a kunyumba lingachire ndi ichi chokha, popanda kugula plugin ngakhale imodzi. Munditsutse, koma muyambe mwayesa.

Ng'oma zokha ndi zimene sizimvera VU. Singano imatenga 300 ms kuti ifike pamene ikupita, pamene snare imagunda n'kutha singanoyo isanadzuke. Mukaumiriza snare kuti ifike 0 VU, nsonga yake yapyola kale denga. Izi ndimaziyang'ana pa peak mita, yoyeza nsonga, zizithera cha m'ma -10. Chimodzimodzi chilichonse chogunda msanga.

Mbali ina ya njirayi ndi yochititsa manyazi ma plugin. Ukaika compressor kapena saturation n'kumva kuti eee, zakoma, kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti mawu akwera 2 dB. Asayansi Fletcher ndi Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti khutu silimva mofanana pa miyezo yonse: mawu akakwera, bass ndi zam'mwamba zimamveka zodzadza. Ndiye chokwera chimapambana nthawi zonse, ngakhale chili choipa. Panopa plugin iliyonse ndimaitsitsa output mpaka ifanane ndi mmene mawu analili isanaikidwe, kenako ndimazimitsa n'kuyatsa maso atatseka. Ena mwa ma plugin amene ndinkawalumbirira achoka pa template yanga mwakachetechete.

Za woimba wodandaula kuti sakudzimva, yankho lili pa batani la mahedifoni, kapena kutsitsa beat imene akuimbirapo, makamaka ngati ndi beat yomalizidwa kale imene yakhala pa 0 kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Beat yotere itsitseni 10 dB kapena kuposa, woimba adzimva yekha. Ndipo za kukwera kwa nyimbo yomalizidwa, imeneyo ndi ntchito ya limiter, yotchinga nsonga kuti zisapyole denga, kumapeto. Spotify nayonso imayeza nyimbo n'kuziika cha pa -14 LUFS, muyezo wa kukwera kwa nyimbo yonse, ndiye mpikisano wokweza uja wachepa mphamvu. Koma iyi ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti zonsezi zimatheka kufotokozedwa m'mphindi zochepa, koma ophunzitsa ambiri sachita. Kanema wautali, theka lake kukuonetsani zida zake ndi kukugulitsani ma preset, kenako nambala: ikani pa -18. Chifukwa? Palibe. Wina akuti -12, wina -6, ndipo sanena kuti wina akunena za average, wina za peak, ndiye wophunzira amaona ngati akatswiri akukangana pamene onse akuloza malo amodzi. Mphunzitsi wina wa kosi imene ndinalipira, nditamufunsa chifukwa chake, anangoti ndi mmene akatswiri amachitira. Yankho lotere limakusiya wopemphapempha, mawa ukakumana ndi maiki ina umabwereranso kudzafunsa nambala ina. Mwina iwonso anangouzidwa. Mwinanso kufotokoza za ma bit sikukopa anthu ngati kuonetsa plugin yonyezimira. Ndipo ife amene timaphunzira izi titaweruka kuntchito, ola limodzi la usiku maso akulemera, nthawi imene timataya posefa zonena zawo ndi imene tikanajambulira nyimbo. Ndili ndi ma project ambirimbiri osamaliza amene ndikawatsegula lero ndimaona master ili psuu kufiira, ma fader onse atatsitsidwa pansi kuthawa moto umene unayatsidwa polowa. Kuwakonza kukufuna masabata amene ndilibe.

Pali malo amodzi pamene lamulo losakweza limasocheretsa. Maiki ya dynamic ngati Shure SM7B imatulutsa magetsi ochepa, imafuna gain cha m'ma 60 dB pa mawu olankhula, ndiye batani limakhala litatsala pang'ono kufika kumapeto. Munthu amene wangophunzira kumene kuopa kukweza amaona batani lili pamenepo n'kuyamba kutsitsa. Osatero. Choyang'ana ndi mita, malo amene batani laima alibe ntchito. Kusiya mpata sikutanthauza kujambula pa -40 n'kudzakweza pambuyo.

Pamene ndaima panopa sipolimba kwenikweni. Ma mix anga asintha, izo ndikumva, koma sindingalumbire kuti ndi -18 yachita. Mwina n'chifukwa choti kuyeza track iliyonse kumandikakamiza kuimvetsera payokha ndisanaiunjikire zinthu, ndipo nambalayo ikanakhala -15 kapena -20 zotsatira zikanafanana. Mwinanso khutu langa lomwelo, limene limanyengedwa ndi 2 dB, likunyengedwanso ndi chisangalalo choti ndamvetsa. Ndiye kwabweranso zojambulira za 32-bit float, monga Zoom F3, zokhala ndi ma converter awiri, wina wa mawu otsika wina wa okwera, moti batani la gain palibe n'komwe. Ma interface ena ayamba kutsatira. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati sindinavutikire chinthu chimene ophunzira a zaka zikubwerazi sadzachiona n'komwe, ngakhale ma plugin aja adzafunabe mawu a muyezo wake, ndipo fani ya laputopu idzaliralirabe. Kaya. Pa bass sindinagwirizanebe ndi VU, singano imati zakwana pamene khutu likuti ayi, ndipo sindinasankhe woti ndimumvere.