Loweruka la mkangano wa magemu

Lero kunalibe ntchito, ndiye ndinati ndisewereko gemu yomwe ndinagula posachedwa. Kungoyatsa, yayamba kufuna update ya magigabaiti ambirimbiri. Ndili chidikirire, mphwanga analowa n'kuyamba kuseka. "Achimwene, mwaona? Magemu a masiku ano ndi mbola. Kale munthu unkangolowetsa katiriji n'kuyambapo." Mwana wadzulodzuloli kundiuza ine za kale!

Komatu sanalankhule zopanda mutu. Super Mario Bros. ya 1985 inkakwana m'makilobaiti 40 okha, ndipo ikatuluka, yatuluka basi. Panalibe intaneti yokonzera zolakwika, choncho opanga ankayenera kuimaliza asanaigulitse. Pano makampani ena amagulitsa kaye, kukonza n'kwapambuyo. Cyberpunk 2077 itatuluka mu Disembala 2020 inali yosokonekera moti Sony inaichotsa pa PlayStation Store n'kubwezera anthu ndalama zawo, mpaka mu Juni 2021 pomwe inabwereranso. Nanga timabokosi tija ta mphoto ta m'magemu, togula ndi ndalama osadziwa zamkati? Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti timeneti ndi njuga. Apa ndinamuvomera.

Tinasiyana pa zoti kale zonse zinali bwino. Ndinamukumbutsa za E.T., gemu ya kampani ya Atari ya 1982, yomwe inapangidwa mothamanga m'masabata pafupifupi asanu. Makatiriji osagulidwa anakawakwirira ku Alamogordo, New Mexico, ndipo anthu anadzawafukula mu 2014. Msika wa magemu ku America unagwa mu 1983 chifukwa cha kuchuluka kwa zinyalala zoterezi. Timakumbukira Tetris ndi Zelda chifukwa nthawi inapeta, mankhusu onse anauluka.

Ine ndikuona kuti chomwe chalowa m'makampani akuluakulu ndi mantha. Gemu imodzi ikumadya madola mamiliyoni mazanamazana komanso zaka zambiri, ndiye ndani angayerekeze kuyesa zachilendo? Kampani ya Rockstar inatulutsa GTA III mu 2001, Vice City mu 2002 ndi San Andreas mu 2004. Koma chitulukire GTA V mu 2013, zaka zoposa 10 zinadutsa popanda yotsatira. Zithunzi zikukongola, inde, koma kaseweredwe n'komwe kaja: mapu aakulu, timishoni tobwerezabwereza, ndi sitolo mkati mwa gemu yomwe wagula kale.

Madzulo ndinamuyatsira Stardew Valley ya 2016, yomwe Eric Barone anapanga yekha, kuyambira zojambula mpaka nyimbo. Poyamba ananyogodola kuti ndi ya ana. Patapita nthawi ndinachita kulimbana naye kuti andibwezere kontrola. Ndinamutchuliranso Hollow Knight ya kagulu kakang'ono ka ku Adelaide, ndi Baldur's Gate 3 ya 2023 kuti aone kuti ngakhale zazikulu zimatheka ngati opanga sakuthamangitsidwa.

Iye akuti zimenezo n'zowerengeka. Ine ndikuti n'zambiri kuposa kale, kungoti kuzipeza ndiye ntchito. Pa Steam pokha, sitolo ya magemu ya pa intaneti, pakumatuluka magemu oposa 10,000 pa chaka, pomwe ine ndili ndi Loweruka limodzi pa sabata.