Zikomo nonse amene munatithandiza pa ulendo wa gauti

Ife azaumoyo amene takhala tikuyenda m'midzi ndi m'mipingo kufotokoza za gauti, nthenda yotupitsa ndi kupweteketsa mfundo za mafupa, tafika kumapeto kwa ulendowu, ndipo tisanapinde mikeka tikufuna tithokoze. Zikomo mafumu athu potiitanira anthu, abusa ndi mashehe potipatsa mpata, alangizi a zaumoyo potiperekeza, ndi inu a ku labotale amene munkayeza magazi mpaka dzuwa kupendeka.

Koma zikomo wamkulu apite kwa inu amayi, ana ndi adzukulu amene munabweretsa odwala kuchipatala. Nthendayi imakonda kubwera usiku kapena m'bandakucha, dokotala kulibe, choncho woyamba kuiona ndi wa m'nyumba. Bambo agona bwinobwino, kenako adzuka akubuula. Pamfundo ya chala chachikulu cha phazi patupa, pafiira, pakutentha, khungu lake likuchita kunyezimira. Nsapato yakana kulowa. Ngakhale chitenje chikakhudza pamenepo, munthu amakuwa. Ululu umafika pachimake pasanathe maola 24, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri umazilala wokha, nthawi zina khungu n'kusupuka. Kwa ena zimagwira akakolo, bondo, chigongono kapena zala za m'manja. Ambiri ndi abambo achikulire, ndi amayi amene anasiya kusamba.

Kuzilala kumeneko ndiye kumapusitsa. Gwero la nthendayi ndi uric acid, asidi wopangidwa m'thupi momwemo, amene akachuluka m'magazi amaundana n'kukhala timchere tosongoka ngati singano m'mfundo. Ululu ukatha, timchereto timakhala tilipobe. Pakapita zaka timapanga zotupa zolimba pakhutu, pachigongono, pazala ndi kumbuyo kwa chidendene, zina zimaphulika n'kutulutsa zoyera ngati choko. Mfundo zimapindika, mu impso mumachita miyala. Ndiye tikukuthokozani kwambiri inu amene munabwereranso ngakhale wodwala atayamba kuyenda. Magazi oyezedwa munthu ali pa ululu akhoza kuonetsa ngati zonse zili bwino, n'chifukwa chake timati mubwerenso pakatha masabata osachepera awiri ululu utazilala. Kwa amene ali pa mankhwala, timafuna mulingo wa uric acid m'magazi utsike kuchepera 6 mg/dL pa zotsatira za ku labotale.

Tikudziwa kuti si chapafupi kutsutsa achibale akamati malume aponda mankhwala. Ena mwa inu munalimba mtima kukana kuti atemedwe mphini pamalo potupa, ndipo munachita bwino zedi, chifukwa bala pamfundo limalowetsa tizilombo. Pamenepa tibwereze mwamphamvu: mfundo ikatupa, thupi n'kutentha, munthu n'kumanjenjemera, musadikire kuti ndi gauti itha yokha. Mwina ndi mafinya m'mfundo, ndipo amenewo amaononga mfundo m'masiku ochepa. Pitani tsiku lomwelo.

Zikomonso inu amene munkabwera ndi buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse. Zinatipeputsira ntchito, pakuti hydrochlorothiazide wa BP, pyrazinamide wa TB ndiponso aspirin amakweza uric acid. Musawasiye nokha, kambiranani ndi dokotala. Ululu ukabuka, pumitsani phazi pamalo okwera, ikanipo madzi oundana okulungidwa m'nsalu kwa mphindi 20, ndipo imwani madzi ambiri. Kuchipatala amapereka colchicine, prednisolone kapena mankhwala ngati ibuprofen, koma ibuprofen si wabwino kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Allopurinol ndi wotsitsa uric acid, osati wopha ululu. Amayambira pang'ono, kawirikawiri 100 mg patsiku, n'kumakwezedwa malinga ndi magazi. Miyezi yoyambirira ululu ukhoza kubukabuka, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti mankhwala awalakwira. Pitirizani kumwa. Koma mukatuluka zidzolo pakhungu, siyani ndipo thamangirani kuchipatala.

Sitingaiwale inu ophika. Mwachepetsa chiwindi, impso ndi zam'kati zina, mwachepetsa nyama yofiira ndi zakumwa zotsekemera, ndipo mukuwakumbutsa abambo mwaulemu kuti mowa, kaya wa m'botolo kaya kachasu, ndi umene umadzutsa chala chija. Ntchito imeneyo njovuta, makamaka nthawi ya maukwati ndi Khirisimasi, ndipo taiona.

Amene munatengedwa magazi muli pa ululu, tikukudikirani kuchipatala kuti tiyezenso. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.