Sabata imene kompyuta inapeza mphumu mwa mwana aliyense

Lolemba ndinafika pakiliniki ina ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, nditanyamula laputopu ndi stethoscope (chida chomvetsera m'chifuwa) yojambula mawu. Unali mwezi wa June, kukuzizira koopsa, mabenchi atadzaza amayi obereka ana otsokomola. Ine si dokotala ayi. Ndimalemba pulogalamu yomvetsera m'chifuwa kuti izisiyanitsa mawu awiri. Oyamba ndi wheeze, kamluzu kaja kamene kamamveka kawirikawiri mwa odwala mphumu. Ena ndi crackles, kuthetheka ngati udzu wouma ukupsa, kumene madokotala amakutchera khutu akamaganizira chibayo.

Pulogalamuyo imayamba n'kusefa. Mawu a pansi pa 100 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu) imataya, poti kumeneko kwadzaza kugunda kwa mtima, a pamwamba pa 2000 Hz nawonso imataya. Otsalawo imawasandutsa chithunzi chotchedwa spectrogram. Kamluzu kamaoneka ngati mzere wopingasa chifukwa kamatalika, pomwe kuthetheka, kumene sikufika n'komwe 20 ms (magawo 20 mwa magawo 1000 a sekondi), kumaoneka ngati timizere toimirira. Pulogalamuyo ndinaiphunzitsa ndi nkhokwe ya mawu a m'chifuwa yotchedwa ICBHI 2017, zojambula 920 za anthu 126 a ku Portugal ndi Greece. Kuofesi inkakhoza bwino ndithu, mpaka ndinkayenda monyada.

Lachiwiri manyazi anandigwira. Mwana aliyense amene amayi ake analola kuti tijambule, kompyuta inati ali ndi wheeze. Nditayang'ana zithunzi usiku ndinaseka ndekha. Kulira kwa khanda nakonso kumajambula mizere yopingasa, yosanjikizana ngati makwerero. Makina ankamva kulira, osati mapapo.

Lachitatu magetsi anathima, jenereta n'kuyamba kulira kuseri kwa zenera, phokoso lake n'kulowa mu zojambula zonse. Tsiku linapita pachabe.

Amene anandipulumutsa ndi a sisita, mayi wachikulire wosachedwa kuseka. Lachinayi anandiona ndikuika stethoscope pamwamba pa juzi ya mwana, poopa kumuzizidwitsa.

"Mwanangu, ukujambula juzi kapena chifuwa?"

Ndi zoona, ulusi ukamakhula pachitsulo umathetheka chimodzimodzi crackles. Iwo anachitenthetsa m'manja mwawo, anauza mayiyo kuti, "Amake mwana, m'patseni bere," kenako anachikanikiza pakhungu kumsana osachigwedeza. Khanda linangoti zii, likuyamwa. Pasikirini mpweya unaoneka bwinobwino, kulowa, kutuluka, ndipo timizere toimirira tinatuluka kumunsi kwa phapo lakumanja pokoka mpweya. A sisita anali atazimva kale ndi khutu lawo, atawerenganso kapumidwe pawotchi. Kanapitirira 50 pa mphindi, komwe kwa khanda la miyezi isanu ndi umodzi n'kupuma mofulumira.

Lachisanu ndinawonjezera gawo lozindikira kulira kuti pulogalamu izidumpha malo amenewo m'malo mogamula. Zojambula zambiri za Lachiwiri zinatsala zopanda kanthu, koma bola. Ndinalembanso kapepala n'kumata pachivindikiro cha laputopu: vula juzi, tenthetsa chitsulo, dikira ayamwe. A sisita anakawerenga n'kuwonjezera ndi bolopeni yawo: tseka zenera.