Tochi ya alamu ndi nkhuku ya a landilodi

Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni m'chaka cha 2022 adafika ndi tochi yomwe mtengo wake ankautchula monong'ona, kuopa kuti achemwali awo angamve n'kuyamba kufunsa za ngongole zakale. Inali nthawi ija namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, mamegawati pafupifupi 130 atazimirira, ndipo kwathu ku Ndirande magetsi ankabwera pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Munthu wa tochi yabwino anali bwana.

Ndipo iyi inalidi tochi. Thupi la aluminiyamu wakuda, batire imodzi yotchaja ya mtundu wa 18650, ukayatsa pakhonde agalu a kutsidya kwa mtsinje wa Nasolo amayamba kuuwa. Koma ine ndimakonza mafoni ku Limbe, diso langa silinamizidwa. LED yake, kababu kotulutsa kuwala, inali Cree XP-L ya 6500K, kuwala koyera kopita kubuluu. Ukaunika ndiwo, nyama imaoneka yotuwa, tomato wakupsa ndi wosapsa osasiyana kwenikweni. Anzathu odziwa amayeza zimenezi ndi muyeso wa CRI: dzuwa limapeza 100, ma LED oterewa amathera cha m'ma 70, pomwe LED yabwino ya Nichia 219C imadutsa 90. Mwamwayi miyendo ya awiriwa ndi yofanana, mamilimita 3.5 mbali zonse, ndiye wina amakhala bwinobwino pamalo pa mnzake. Ndinali nako kamodzi ka Nichia komwe mnzanga woyenda maulendo a kunja adandibweretsera, ndinkangodikira tochi yoyenera ulemu umenewo.

Alamu atapita kumudzi ku Thyolo kukaona gogo, tochi adandisiyira kuti ndiwasungire. Kusunga chinthu n'kuchisamala, ndipo kuchisamala n'kuchikonza.

Lamulungu masana ndidamasula mutu wa tochi, n'kuchotsa kambale ka kopa komwe LED imakhalapo. Vuto lake n'lakuti miyendo ya LED ili kunsi, itatu: ya moto iwiri m'mbali, wapakati wochotsa kutentha. Soldering iron, kachitsulo kowotcherera kaja, sifikako. Umayenera kutenthetsa kambale konse kuchokera pansi mpaka solder, chitsulo chofewa chomatira miyendoyo, asungunuke, ndipo wamtovu uja amasungunuka pa madigiri 183. Kushopu ndili ndi makina a mpweya wotentha, koma kunyumba magetsi kunalibe. Panali mbaula yokha, makala ali psuu.

"Chiwaya changa cha mazira mukupita nacho kuti, bambo?" adafunsa mayi akunyumba.

"Ku sayansi," ndidatero.

Adanditsatira panja atagwira m'chiuno, ndiye ndidaona kuti ndi bwino ndiwaphunzitse. Ndidawafotokozera kuti kampani ya Nichia ili ku Japan, kuti kumeneko n'komwe Shuji Nakamura adatulukira LED ya buluu yowala kwambiri mu 1993, kuti mu 2014 adalandira nayo mphoto ya Nobel, ndi kuti LED yoyera iliyonse ya m'tochi ndi ya buluu yomwe adaipaka mankhwala achikasu pamwamba. Iwo adangoti, "Nanga utsiwo ndi wa Nobel womwewo?" Nditayang'ana m'chiwaya, Cree ya alamu inali itapsa, kadiso kake koyera kaja katasanduka kabulawuni. Ntchito ya masekondi ochepa imeneyi siifuna munthu wofunsafunsa pambali.

Palibe kanthu, yakaleyo inali yochotsa kale. Ndidaichotsa, n'kupukuta kambale, n'kupaka solder watsopano. Kenako ndidatenga kopanira kanga kaja ka mafoni, n'kugwira ka Nichia mwaulemu. Kopanirako ndi kotchipa, milomo yake simakumana bwino. Ndidangomva "tsi!" Kanthu kaja kadauluka, kadanyezimira kamodzi padzuwa, n'kugwera pafumbi pafupi ndi mpanda. Ndisanadzuke n'komwe pampando, nkhuku yakuda idathamanga, khosi patsogolo, go! N'kumeza, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

Pabwalo pathu panali nkhuku zakuda ziwiri. Ina yathu, yomwe apongozi adatipatsa kuti tiwete, ina ya a landilodi. Zonse zidathawira kuseri kwa bafa, potuluka osadziwikanso wakuba ndi uti. Mboni yokhayo inali mwana wanga wa sitandade 2, ndipo iye adaloza yathu mosakayika konse. Ndidanola mpeni mayi akunyumba akulira maliro a nkhuku ya amayi awo. Ndidang'amba chithokomiro, momwe chakudya chimayamba kusungidwa: gaga, chimanga, chiwala chimodzi. Ndidatsegula nthutumba: timiyala ndi mchenga. Ndidamuyang'ana mwana uja. Adati, "Kapena ndi inayo, adadi."

A landilodi adachokera kutchalitchi mochedwa, adali ndi msonkhano wa amayi. Ndidawadikira pakhomo chipewa chili m'manja, n'kuwafotokozera kuti nkhuku yawo yameza katundu wa ku Japan. Adakhala pansi kaye, adavula nsapato, adaitanitsa madzi akumwa.

"Ndiye mukuti nkhuku yanga ndi yakuba?"

"Ayi mayi, yangosunga."

"Imene ija imaikira tsiku ndi tsiku. Mazira ake mukuwadziwa mtengo pamsika?"

Tidakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikuwerengera mumtima kuti kanthu kaja katsika kale kuchoka m'chithokomiro. Mtengo womwe tidagwirizana sindiulemba pano chifukwa mayi akunyumba amawerenga Facebook. M'nthutumba ya nkhuku yachiwiriyo, pakati pa timiyala, ndidakapeza. Koma timiyala tija tinali titagwira ntchito yake: kadiso kofewa ka silikoni kapamwamba kanali katakhadzulidwa, kutsala pafulati. Apa mtima udakhala pansi, chifukwa akatswiri a matochi amachita dala zimenezi ndi lezala. Kuchotsa kadisoko kumapangitsa kuwala kufika patali, mtundu wake n'kupita kuchikasu. Ntchito yomwe ena amanjenjemera nayo manja, ine idandichitikira ndi nkhuku.

Ndidakatsuka ndi spirit, n'kubwerera pachiwaya, ulendo uno aliyense ndidamuthamangitsira m'nyumba. Solder atasungunuka, ka Nichia kadadzikokera kokha pamalo pake, ndidachotsa msanga pamoto. Thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha, pansi pa kambale, waya wofiira ku pulasi, wakuda ku mainasi, kumanga. Nditadina, idayaka! Tomato adaoneka tomato. Nyama ya nkhuku, yomwe inalipo yambiri usiku umenewo, inkaoneka yokoma zedi.

Alamu adafika Lachiwiri madzulo, magetsi kulibe. Tidawapatsa nthutumba monga mlendo wolemekezeka, ndipo adadabwa kuti mbale imodzi muli ziwiri. Atasamba m'manja ndidawapatsa tochi yawo ndi manja awiri. Adayatsa, adaunika khoma, adazimitsa, adayatsanso, adaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Alamu, batire yatha kodi? Bwanji ikuwala ngati koloboyi?"

Ndidayamba za CRI. Adandidula. Adati iwo adalipira marandi awo chifukwa cha kuyera kuja, kuti wakuba akaunikidwa kumaso aziyesa apolisi, osati kuti aziona tomato. Adati ndibwezeretse yakale ija pompo. Mayi akunyumba, osanena kanthu, adapita kukhitchini n'kubwera nayo pasosala, yabulawuni, ikununkha mazira.

Cree ina ndidaitanitsa ndi ndalama zanga. Chiwaya ndidagula china, apongozi tidawauza kuti nkhuku idafa ndi chitopa. Koma a landilodi pakutha pa mwezi adabwera ndi kope, pansi pa lendi atalembapo mzere watsopano: mazira 30.