Ndinayeza faiba ndi mapazi

Bwana atandifunsa kutalika kwa mtunda wochoka ku ofesi kukafika ku weyahausi yathu ku Makata, poti tinkafuna kuyala faiba (chingwe chotumiza data ndi kuwala), tepi ndinali nayo m'chikwama. Koma dzuwa la Okutobala linali litandiwotcha kale paliwombo, ndiye ndinangoyenda n'kumawerenga mapazi. Ndinapeza 290.

"Bwana, mamita 300 sakwana," ndinatero monyadira.

Mamita 300 amenewo ndiwo malire a faiba ya mtundu wa OM3 ikamanyamula data pa liwiro la 10 gigabit pa timamojulo ta SR, tizipangizo ta mtunda waufupi tolumikizira faiba ku switch, bokosi lolumikiza makompyuta. Ndinagula zomwezo poti n'zotsikirako mtengo. Chimene ndinaiwala n'choti ine ndinadutsa chidule, m'kadimba ka alonda. Chingwe sichidziwa chidule. Chinazungulira mpanda, n'kutsata ngalande, n'kukwera khoma, ndipo anyamata anasiyanso nkhata yonse kudenga, ati ya mawa.

Titalumikiza, kanyali ka pa switch kosonyeza kuti zalumikizana kanayaka. Ndinagulira aliyense mandasi. Asanatsike n'kukhosi komwe, kanyali kaja thi! Kuyaka, kuthima, kuyaka, kuthima. Mayi a ku akaunti anasuzumira pakhomo: "Achimwene, invoisi yangayi ikubwera wapansi?"

Ndinanamizira fumbi, n'kupukuta makonekita mpaka kuwala. Ndinanamizira makoswe. Alonda anatchera misampha itatu kudenga, ndipo chimene inagwira sabata yonse ndi chala changa.

Kenaka kunabwera madala ena ndi OTDR, makina oponya kuwala m'chingwe n'kuyeza komwe kwabwerera. Anayang'ana makinawo, n'kuyang'ana miyendo yanga.

"Mwana wanga, apa pali mamita 480."

Anandikhazika pansi ngati wa sitandade 1. Mu faiba ya multimode ngati OM3 yathuyi, anatero, kuwala kumayenda njira zambiri nthawi imodzi, ngati maminibasi onyamuka limodzi ku Limbe, ena pa Chipembere Highway, ena mokhotakhota m'makwalala. Ulendo ukatalika, otsalira a gulu loyamba amafika limodzi ndi otsogola a gulu lachiwiri, ndipo switch imasokonezeka mutu. Mankhwala ake? Kukumbanso n'kuyala faiba ya single-mode, yachikasu ija ya njira imodzi ya kuwala, imene ndi timamojulo ta LR imafika makilomita 10. Apo ayi, kutsika pa 1 gigabit, poti timamojulo take ta SX timapirira mpaka mamita 550.

Tinatsika. Kanyali kanakhazikika, bwana atalipira 10 n'kulandira 1.

M'mawa mwake anandiitana. "Iwe, kuchoka pano kukafika pageti ndi mapazi angati?"

M'mimba munati juu, ndinayamba kulongedza zanga. Kani ankangofuna ndikawagulire tchipisi pachiwaya. Ndinapita ndi tepi.